Goli la Muwanga

Abambo anga anali mmisiri wa matabwa ku Champiti. Ankakhoma zitseko, mabenchi a kutchalitchi ndi mabokosi a maliro, koma chimene ankatchuka nacho chinali magoli a ng'ombe. Munthu akafuna goli, abambo ankayamba apita kukhola kwake kukaona ng'ombezo, kuzisisita pakhosi ndi kuyeza ndi chikhatho. Akatha kusema, pamalo pogona khosi ankapala ndi chidutswa cha botolo mpaka pasalale. Ankati goli likatupitsa ng'ombe, manyazi ndi a mmisiri, osati a mwini ngolo.

Tinabadwa awiri, tonse akazi. Amayi anamwalira ine ndili sitandade sikisi, ndipo amene anandilera ndi akulu anga, amene anandiposa ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Atakwatiwa anatengedwa chitengwa ku Bwanje, kwawo kwa alamu, pakhomo n'kutsala abambo ndi ine. Sukulu ndinalekezera fomu thu, kenako ndinayamba kuphunzira kusoka pa makina a mayi wina wa kutchalitchi kwathu.

Matipate atabwera abambo anakondwa ngati wina aliyense. Zaka zotsatira ndi zimene zinawafoola. Feteleza anakwera, mbava zinachuluka, pawailesi anthu akuluakulu ankangotukwanizana. M'dera lathu makola ankatha limodzilimodzi. Tsiku lina m'mawa ndinapita kukatsekulira ng'ombe, ndipo ndinapeza mitengo ya pakhomo la khola ili pansi. Ng'ombe zathu ziwiri zapangolo, yofiira ndi yamawanga, kunalibe. Abambo analondola mapazi mpaka kumsewu waukulu, pamene mapaziwo anathera pa zidindo za matayala a galimoto. Anakanena kumene kunali koyenera kunena, anawalemba m'buku, nkhani n'kuthera pomwepo. Chaka chimenecho chimanga tinatuta pamutu, ngolo ili chikhalire pansi pa mtengo wa mango.

Patapita miyezi ingapo kunabwera bambo wina pa njinga, wamtali, waimvi, jekete yake yotha m'zigongono koma yosita bwino. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo aliyense ankangowatchula kuti Aphunzitsi. Anakhala pa chitsa pafupi ndi benchi ya abambo, ine n'kuwapatsa madzi akumwa.

"Ndamva kuti munaberedwa," anatero.

"Zinapita zonse ziwiri," anayankha abambo.

"Pepani. Ine ndabwera kuti mundisemere goli."

"Ng'ombe zanu zili kuti, ndikazione?"

"Ng'ombe ndilibe. Ndikufuna lalikulu, loti munthu alione ali kumapeto kwa bwalo la mpira."

Abambo anaseka, koma Aphunzitsi sanaseke. Analankhula motsitsa mawu, ngati akuphunzitsa mwana wovuta kumva. Anati dziko lamasulidwa ndipo iwo sakutsutsa, koma ng'ombe yomasulidwa popanda woiyang'anira imathera m'munda mwa eni. Anati makolo athu amene anabwera ndi ng'ombe m'mapiri muno ankadziwa kuti chilichonse chimayenda awiriawiri, mwamuna ndi mkazi wake, mwana ndi kholo lake, mudzi ndi mfumu yake. Iwo ndi anzawo anali atayambitsa chipani choti chibwezeretse mwambo, ndipo chizindikiro chake chinali goli. Dzina lenileni la chipanicho linali lalitali, ndipo palibe amene ankalitchula. Tonse tinkangoti a Goli.

Abambo anasema goli limenelo milungu iwiri. Pa msonkhano woyamba ku Boma tinapita pa lole, goli litamangiriridwa pamwamba pa mutu wa loleyo. Sindinaonepo anthu ochuluka chotero. Kunali ngoma, azibambo atanyamula zishango ndi zibonga, fumbi lili koboo. Amayi anavala nsalu yofiirira ngati dothi la katondo, yokhala ndi timagoli toyera. Anyamata a chipani ananyamula zikwapu zachikopa, ndipo tinkawatchula kuti achikwapu. Aphunzitsi anati zikwapuzo si zomenyera munthu, ndi zolizira m'mwamba basi, monga amachitira woyendetsa ngolo wodziwa ntchito yake. Tsiku lomwelo tinaphunzira moni wa chipani. Wina ankafunsa kuti, "Goli lili kuti?" Iwe unkayika dzanja lamanja kumbuyo kwa khosi n'kuyankha kuti, "Lili pakhosi." Pobwerera pa lole tinkafunsana moniwo n'kumaseka.

Achikwapu anayamba kuimitsa magalimoto onyamula ng'ombe ndi kuyendera ogulitsa nyama. Mwezi usanathe anabwera kwathu akukusa ng'ombe yathu yofiira, itaonda, nthiti zili poyera. Anaipeza m'khola lina kufupi ndi malire. Yamawanga inali itaphedwa kale. Abambo anaigwira nyanga n'kugwetsa misozi pamaso pa anyamatawo, chinthu chimene sanachite ngakhale pa maliro a amayi.

Amuna awiri amene anapezeka ndi ng'ombeyo anawabweretsa pamsika tsiku la msika. Anawaveka goli lenileni, wina uku wina uku, n'kuwazungulitsa msika katatu, zikwapu zikulira m'mwamba. Zimenezi zinkatchedwa kuyendetsa. Mmodzi ankatuluka magazi kukhutu. Ine ndinali kutsogolo kwa khamulo, ndipo ndinaimba nthungululu mpaka kukhosi kunandiuma. Ndikunena zimenezi chifukwa masiku ano munthu aliyense wa kwathu amati iye sankagwirizana nazo.

Pa chisankho chotsatira a Goli anatenga mipando yambiri ya makhansala m'boma lathu, komanso aphungu angapo. M'maboma ena anthu ankawaseka, ankati chipani cha ng'ombe. Koma olamulira kulikulu ankafuna mavoti a aphungu amenewo ku nyumba ya malamulo, choncho zochitika kwathu ankaziyang'anira kumbali. Aphunzitsi anakhala wapampando wa khonsolo.

Malamulo awo sanalembedwe paliponse. Zinkangodziwika kuti pamwamba pa chitseko cha nyumba iliyonse payenera kupachikidwa kagoli kakang'ono. Nyumba yopanda kagoli, mwini wake malo pamsika ankawapeza atakhalapo wina, dzina lake pa mndandanda wa feteleza linkasowa, ndipo maliro akamugwera adzukulu ankachedwa kufika kumanda. Ntchito inawachulukira abambo. Timagoli ta pazitseko ankasema ta bulugamu, ine n'kumaboola ndi kulowetsa zingwe. Nthambi iliyonse ya chipani inkafunanso goli lalikulu lopachika pakhoma la ofesi. Amenewo ankasema a muwanga, mtengo wolimba ndi wolemera, kuti chiswe chisagwire. Sankawapala ndi botolo. Ankati khoma silitupa. Ine ndinkasoka malaya a amayi a chipani kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chaka chimenecho tinafolera nyumba ndi malata.

Kuyendetsa kunayambira pa mbava za ng'ombe. Kenako kunafika pa zidakwa zotukwana pamsewu, pa atsikana ovala mathalauza, pa mphunzitsi wina wachinyamata amene anafunsidwa moni wa chipani n'kuyankha kuti goli lili kukhola. Ine ndinasiya kupita kukaonerera, koma sindinanene kanthu kwa munthu aliyense. Abambo ankati anyamata amapyola muyeso nthawi zina, koma taonani, makola adzazanso.

M'chaka chachitatu cha ulamuliro wawo alamu anamwalira. Anadwala nthawi yaitali, anaonda mpaka kutha, ndipo aliyense ankadziwa matendawo ngakhale kuti panalibe wowatchula. Anasiya akulu anga ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zitatu. Anasiyanso puloti ya mpunga ku sikimu ya ulimi wothirira, imene inalembedwa m'dzina la akulu anga, chifukwa alamu ankakhalira kuyenda ndi malonda ndipo wolima weniweni anali mkazi wawo. Nthawi yokolola itakwana, abambo anandituma ku Bwanje kuti ndikathandize.

Ku Bwanje kumatentha mwa mtundu wina. Ife a kumtunda tikafika kumeneko timangofuna mthunzi. Akulu anga anali atazolowera. Ankadzuka kusanatenthe, chikwakwa m'manja, ndipo pofika masana tinkakhala titasenza mitolo kubwera nayo pakhomo. Anali munthu wosalankhulalankhula, wa manja olimba ngati a abambo.

Tsiku lina masana tikupuntha mpunga pabwalo, kunabwera amuna atatu. Woyamba anali wapampando wa nthambi ya chipani. Wachiwiri anali mkulu wawo wa malemu alamu, amene analinso mlembi wa nthambiyo, bambo wa mkazi ndi ana asanu. Wachitatu anali wachikwapu. Anthu oyandikana nafe anayamba kusendera pang'onopang'ono.

"Goli lili kuti?" anafunsa wapampando.

Dzanja langa linapita lokha kukhosi. "Lili pakhosi," ndinatero. Akulu anga anayala mphasa kuti alendo akhale, koma moniwo sanayankhe.

Wapampando analankhula mwaulemu. Anati chipani chikumva chisoni ndi imfayo, koma mwambo umati mkazi asayende yekha ngati ng'ombe yopanda inzake. Njira zinalipo ziwiri. Akulu anga akanatha kulowedwa chokolo ndi alamu aakuluwo, n'kupitiriza kulima pulotiyo pansi pa dzina la mwamuna. Apo ayi, abwerere kwa bambo wawo ku Champiti, puloti itsale m'manja mwa abale a malemu.

"Pulotiyo inalembedwa dzina langa," anatero akulu anga.

"Buku limalembedwa ndi anthu, mayi. Anthu omwewo akhoza kulikonza."

Akulu anga anatembenukira kwa alamu aakulu. "Alamu, inu munkabwera kudzamusambitsa mng'ono wanu. Mukudziwa chimene chamutenga. Ine sindikudziwa ngati chili m'thupi mwanga, koma mwina chilimo. Mukufuna mukachilowetse m'nyumba mwa akazi anu?"

Mayi wina kumbuyo anagwira pakamwa. Alamu aakulu anayang'ana pansi. Kunena zotero pagulu kunali kuvula banja lonse.

"Mwalankhula mopyola," anatero wapampando. "Nyumba imene ili ndi goli pachitseko salankhulamo choncho."

Akulu anga anadzuka, anapita pakhomo, anatambasula dzanja n'kuchotsa kagoli kaja pa msomali. Anabwera nako n'kukayika pansi, pafumbi, patsogolo pa mapazi a wapampando.

"Ndiye katengeni," anatero. Kenako anatola ndodo yawo n'kupitiriza kupuntha mpunga.

Amunawo anachoka osatsanzika. Wachikwapu ndi amene anatola kagoliko, n'kukapukuta ndi malaya ake.

Ndinawachonderera akulu anga kuti tithawe tsiku lomwelo. Anati mpunga sunathe kupunthidwa, ndipo sangasiye thukuta lawo pabwalo. Anati mwina angowalipiritsa nkhuku. Ndikuganiza kuti ankadziwa, koma sankafuna kundiopseza.

Anabwera tsiku la msika, m'mawa, achikwapu asanu ndi mmodzi. Akulu anga anali akuchapa. Anapukuta manja pa chitenje, anandipatsa mwana n'kunena kuti, "Mwanayu asaone." Ndikanayenera kutsala naye m'nyumba. Koma ndinamubereka kumsana, ndinamufunditsa nsalu kumutu, n'kuwatsatira chapatali.

Pamsika anali atatsitsa kale goli la ku ofesi ya nthambi. Ndinalizindikira ndisanayandikire. Linali la muwanga, limene ine ndi abambo tinakweza pangolo chaka chapitacho. Goli limafuna awiri, choncho anabweretsanso mayi wina wokalamba amene anagwidwa akutcheza kachasu. Mayiyo anali wamfupi kwambiri, akulu anga wamtali. Atawaveka n'kumanga zingwe pansi pa zibwano, goli linapendekera kwa wokalambayo ndipo kulemera konse kunapita kwa iye. Ndinaona akulu anga akupinda mawondo ndi kuweramitsa msana kuti afanane naye msinkhu. Anayenda choncho, chowerama, ulendo wonse.

Sizinali ngati tsiku la mbava za ng'ombe. Nthungululu zinali zochepa, za amayi ovala nsalu ya chipani okha. Ena ankaseka. Ambiri ankangopitiriza malonda awo, wogulitsa usipa akuthamangitsa ntchentche, wokonza njinga akupopa tayala, maso ali pansi. Wapampando ankayenda patsogolo akulengeza milandu. Za akulu anga ankati, "Uyu anaponya goli pansi." Za chokolo ndi za puloti sanatchule.

M'mphepete mwa goli munali mwakuthwa, mmene kasemasema anasiyira. Pozungulira kachiwiri, kolala ya bulauzi ya akulu anga inali itafiira. Pafupi ndi chigayo cha mpunga mayi wokalamba uja anapunthwa n'kugwa, ndipo goli linawakoka akulu anga n'kuwapotokola khosi. Ndinamva kubuula kwawo ndili patali. Anagwada pambali pa mayiyo, zikwapu zikulira pamwamba pa mitu yawo, ndipo anadikira mpaka mayiyo atapezanso mpweya. Kenako anamugwira m'khwapa n'kudzuka naye limodzi.

Nthawi imeneyo wachikwapu wina anaima patsogolo panga. Ankandidziwa kuti ndine mng'ono wawo.

"Goli lili kuti?" anandifunsa.

Mwana anali akuvutika kumsana, akufuna kuchotsa nsalu kumutu. Ndinayika dzanja kukhosi.

"Lili pakhosi," ndinayankha.

"Sindinamve."

Ndinabwerezanso mokweza. Akulu anga anali pamtunda woti akanatha kumva. Sindinawafunsepo ngati anamva.

Atazungulira katatu anawamasula. Mayi wina wogulitsa mchere anabweretsa madzi m'chigubu, anatithandiza kutsuka mabala, n'kubwerera pa malonda ake. Khungu la kumbuyo kwa khosi linali litasupuka kuyambira phewa ili kufika phewa linalo. Mayi wokalamba uja anatengedwa pa njinga ndi mdzukulu wake. Tinamva kuti anamwalira mvula isanagwe, ndipo anthu anati ndi ukalamba.

Titafika kunyumba tinapeza matumba a mpunga atatengedwa, kwatsala awiri. Patapita masiku awiri tinanyamuka. Tinakwera njinga mpaka kumsewu, minibasi mpaka ku Boma, kenako galimoto ya matola kupita ku Champiti. Pa bampu iliyonse akulu anga ankatseka maso n'kugwira khosi ndi manja awiri.

Abambo tinawapeza pa benchi yawo akusema timagoli ta pazitseko. Mbiri inali itawafika kale, koma anamva kuti kunali kukangana chabe. Akulu anga anagwada kuwapatsa moni monga mwa nthawi zonse. Kenako anamasula mpango umene anakulunga m'khosi, natembenuka kuti abambo aone.

Abambo anayang'ana nthawi yaitali. Kasemasema anali akadali m'manja.

"Linali la muwanga?" anafunsa.

"La muwanga."

"Lija ndinapereka chaka chatha?"

"Lomwelo, abambo."

Anayika kasemasema pansi, analowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sanadye.

M'mawa mwake anavala jekete ya kutchalitchi n'kundiuza kuti ndiwaperekeze ku Boma, popeza ine ndinaona ndi maso. Tinadikira pa benchi kunja kwa ofesi ya Aphunzitsi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Atatilowetsa, Aphunzitsi anadzuka n'kuwagwira abambo dzanja ndi manja awiri. Anali atanenepa pang'ono, koma mawu anali omwe aja otsika. Anandimvetsera mpaka kumapeto, osandidula.

"Zandikhudza kwambiri," anatero. "Mwana wanu ndi mwana wathu. Koma nthambi ili ndi mphamvu zake. Ndikayamba kugwetsa zigamulo za nthambi chifukwa wolakwa ndi mwana wa mnzanga, ndiye kuti tabwerera kumene tinachoka."

"Analakwa chiyani?" anafunsa abambo.

"Anaponya goli pansi, anthu akuona."

"Nanga puloti?"

"Za puloti ndi za banja. Chipani sichilowerera." Kenako anawonjezera kuti, "Koma pali chimene mwandikumbutsa. Madandaulo a mabala ndawamva kuchokera ku nthambi zingapo. Cholinga chathu si kuvulaza munthu, ndi kumuphunzitsa. Magoli a m'maofesi aja ndi okhakhala. Inu ndinu mmisiri. Simungayendere nthambi zathu n'kuwasalaza, monga mumachitira ndi a ng'ombe?"

Ndinayembekezera kuti abambo akalipa, kapena adzuka n'kutuluka. Anangoyang'ana chipewa chawo chimene chinali pa bondo.

"Ndamva," anatero.

Sabata yonse abambo sanagwire chida. Lolemba lotsatira ndinawaona akuswa botolo pamwala, akusankha zidutswa n'kuzikulunga m'kansalu. Anamangirira chikwama cha zida pa njinga. Akulu anga anali pakhonde akupesa mwana.

"Mukupita kuti, abambo?" anafunsa.

"Ku nthambi ya kuseri kwa phiri."

"Kukatani?"

"Anthuwa sasiya kuyendetsa anzawo, kaya ine ndipite kaya ndisapite. Bola mwana wa wina asasupuke ngati mmene mwasupukira inu."

Akulu anga anamaliza kupesa mwana. Abambo anayendera nthambi zonse, mpaka ya ku Bwanje, ndipo zinawatengera mwezi ndi theka. Pamene ankabwerako ulendo womaliza, akulu anga anali atachoka. Anapita ku Lizulu kwa mnzawo wa kusukulu, kumene anayamba kugulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi m'mphepete mwa msewu. Ine anandiuza kuti ndizipita kukawaona, koma ndisabwere ndi uthenga wa abambo.

A Goli analamulira zaka zina ziwiri. Sanagwetsedwe ndi munthu wolimba mtima ayi. Anakanganirana okha mipando chisankho chitayandikira, Aphunzitsi anadwala matenda oumitsa ziwalo, chipani chinagawika patatu, ndipo pa chisankho anangopeza mpando umodzi. Sabata yomweyo timagoli tinazimiririka pazitseko, kunangotsala misomali. Nsalu zofiirira zija amayi anazisandutsa matewera ndi zigamba. Achikwapu ena analowa zipani zina, ena anayamba kabaza. Panamveka zoti kubwera anthu ofufuza za kuyendetsa, koma sitinawaone. Akulu anga anapita kamodzi ku sikimu kukafunsa za puloti yawo. Anawatsekulira buku n'kuwaonetsa dzina la alamu aakulu, lolembedwa bwinobwino.

Abambo anthu anayamba kuwapewa. Omwe aja ankaimba nthungululu pamsika ankati ndi iwo amene anasema mitengo yozunzira anthu. Wofuna goli la ng'ombe ankapita kwa mmisiri wina wa kutali, wosadziwa n'komwe kuyeza khosi. Abambo anatsala ndi mabokosi a maliro, amene zaka zimenezo sankasowa ogula. Ine ndinakwatiwa ku Boma, ndinapeza malo osokera pakhonde la sitolo, ndipo ndinkapita kumudzi kumapeto kwa mwezi.

Abambo anadwala patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Miyendo inatupa, mpweya unkawavuta, ndipo kuchipatala anatiuza kuti mtima watopa, tibwerere nawo kunyumba. Ndinapita ku Lizulu ndekha kukanena. Akulu anga anamvetsera akuunjika mbatata m'ndowa. Anati ndamva. Patapita masiku atatu anatsika galimoto ku Champiti ndi kachikwama kakang'ono.

Anagwira ntchito yonse yodwazika. Ankawaphikira phala, kuwatembenuza, kuchapa zofunda. Ankawalankhula zofunika zokha, monga "tsegulani pakamwa" kapena "kwezani dzanja". Tsiku lina masana tinawatulutsa pakhonde kuti awothere dzuwa. Ine ndinali ndikusoka batani pa malaya awo. Abambo anawayang'ana akulu anga nthawi yaitali.

"Mayi," anatero, "ine ndinkaganiza kuti ndikuchepetsa ululu."

Akulu anga anali akufinya nsalu m'beseni. Sanasiye.

"Munachepetsadi," anayankha. "Mutasalaza, anthu anasiya kutuluka magazi. Ndiye ankawazungulitsa kasanu m'malo mwa katatu. Ndinaona ndekha ku Lizulu."

Abambo anatseka maso. Ine ndinkafuna kuti akulu anga awonjezere kena kake, ngakhale liwu limodzi lofewa. Iwo anatenga nsalu yonyowa ija, anawapukuta abambo kumaso, m'khosi ndi m'manja, chala chimodzichimodzi. Kenako anati dzuwa lakula, tiwalowetse.

Abambo anamwalira sabata yotsatira. Bokosi tinagula ku Boma. Pa maliro panabwera anthu ambiri kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo wolankhula m'malo mwa mudzi anati malemu anali mmisiri wa zitseko ndi mabenchi. Akulu anga anakhala mpaka tsiku lachitatu, anasesa nyumba, n'kubwerera ku malonda awo.

Akulu anga ali moyo mpaka lero. Matenda aja analimodi m'thupi mwawo, koma mankhwala anafika nthawi yake ndipo amamwa mosadumphitsa. Khosi lokha silinabwerere. Silitembenukira kumanzere, moti munthu akawaitana kuchokera mbali imeneyo amatembenuka thupi lonse. Mwana uja anakula, ndi mphunzitsi wa pulayimale ku Dedza. Za tsiku lija sakumbukira kanthu. Amayi ake anamuuza kuti khosilo linapweteka ndi matumba a mbatata, ndipo atandifunsa ine ali ku sekondale, ndinavomereza kuti ndi matumba.